Michira Yosokedwa ndi Linya

M'buku lililonse limene ndikuwerenga mumakhala kansalu kofiira, kotalika ngati chikhatho ndi theka, kondisungira tsamba limene ndalekezera. Anzanga a kabaza pa Songani amati ndi chithumwa choitanira makasitomala. Ena amati ndinang'amba pa chitenje cha mkazi amene anandikana. Ine ndimangoseka, poti zoona zake n'zochititsa manyazi kuposa zimenezo. Kansaluko ndi mchira wanga. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndi michira iwiri, ndipo tsiku loyamba kuvala michira ndinaluma munthu.

Zinayenda chonchi. Aphunzitsi athu anapita ku maphunziro ku Zomba n'kubwerako ndi mpira wooneka ngati papaya. Anati masewerawo ndi ragibi, koma ya ana, yosagwetsana. Aliyense ankatsomeka tinsalu tiwiri m'chiuno mwa kabudula, kena kumanja kena kumanzere, ndipo tinsalu timeneti ndi timene tinatitcha michira. Munthu akamathamanga ndi mpira sumugwira thupi. Umangosolola mchira umodzi n'kuukweza m'mwamba, iye n'kuima, n'kuponyera mpira mnzake amene ali kumbuyo. Zonsezi aphunzitsi anafotokoza bwinobwino, koma ine ndinali ndisanafike, ndinali kumjigo. Nditatulukira anangonditsomeka tinsalu, n'kundiika papaya m'manja, amvekere thamanga. Ndinathamanga. Kenako ndinamva dzanja likugwira kabudula wanga, atsikana a kalasi yathu ali chiimire pansi pa mtengo wa mango. M'mutu mwanga munangobwera chimodzi, chakuti akundivula. Ndinataya mpira n'kuluma dzanjalo mpaka mano anga anayi kusiya chidindo.

Dzanjalo linali la msuweni wanga, mwana wa azakhali. Pa ana onse a m'dera la Domasi, ndinasankha kuluma yekhayo amene sindinayenere kumukhudza n'komwe.

Bambo anali atamwalira m'dzinja la chaka chomwecho. Amayi anali mtengwa: kwawo kunali kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo nyumba yathu inali pa malo a abale a bambo, pamene mawu omaliza anali a azakhali, mlongo wawo wa bambo. Maliro atatha, katundu anayamba kutuluka m'nyumba ngati ali ndi miyendo. Inatuluka njinga. Inatuluka wailesi, matiresi, mipando iwiri, malata a pa khitchini. Makina osokera a amayi anatuluka masana dzuwa likuswa mtengo, atasenza anyamata awiri, azakhali ali pambuyo akunena kuti amene anawagula ndi mlongo wawo. Pansi panatsala timaenje tinayi pamene pankaponda miyendo ya makinawo, ndipo amayi ankasesa mozungulira, osatikwirira. Cha bambo chimene chinapulumuka ndi thalauza limodzi la khaki, chifukwa tsikulo linali lonyikidwa m'beseni kuseri kwa bafa. Amayi analidula n'kundisokera kabudula pamanja. Anali wolimba ngati tenti, ndipo ndikamayenda ankalira.

Za nyumbayo azakhali ananena mawu amodzi okha: "Kololani mpunga wanuwo, kenako tidzakhala pansi tione." Mudzi wonse unamva tanthauzo lake. Ine ndekha ndi amene ndinagwira mawu akuti "tione" n'kuwasunga ngati dzira. Ndinkaganiza kuti nkhaniyo sinathe, kuti akuyang'ana khalidwe lathu, ndipo tikakhala anthu abwino atisiya tikhale. Amayi nawo ankandiuza m'mawa uliwonse kuti, "Usayambane naye msuweni wakoyo. Akakutukwana, meza." Ndinameza kwa miyezi itatu. Kenako ndinamuluma.

Madzulo a tsikulo azakhali anayenda ndi dzanja la mwana wawo khomo ndi khomo, atalikweza m'mwamba ngati akugulitsa nsomba. "Onani galu amene akumuweta m'nyumba ya mlongo wanga!" Atafika kwathu amayi anatuluka, n'kugwada pa fumbi, n'kupepesa. Ndinawaona kudzera pa mng'alu wa chitseko. Zidendene zawo zinali zong'alukang'aluka ndi matope a kudimba. Azakhali anayankhula mpaka kutopa, amayi ali chigwadire, ndipo atanyamuka pa maondo awo panali timiyala titamatirira. Amayi sanandimenye. Lero ndimati bola akanandimenya.

Ndinkayembekezera kuti aphunzitsi andiletsa masewerawo, koma sanatero. Nyengo yozizira inalowa, mpunga uli woyanikidwa pa mikeka m'makomo monse, chifunga chikutsika m'phiri m'mawa ngati utsi, milomo yathu ikung'ambika. Tikaweruka tinkatsalira pa bwalo la sukulu. Aphunzitsi anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo malamulo awo awiri ndimawamvabe m'makutu. Loyamba: "Mpira ubwerere kumbuyo, munthu apite kutsogolo." Lachiwiri: "Walanda, bweza m'manja." Ukasolola mchira wa mnzako sunkaloledwa kuutaya pansi. Unkayenera kumupatsa m'dzanja mwake, ndipo usanabweze sunkawerengedwa kuti uli m'masewera.

Msuweni wanga anali wamtali, wothamanga, wosewera bwino. Ndanena zimenezi kuti ndisamunamizire. Koma lamulo lachiwirilo ankalisunga kwa ena onse kupatula kwa ine. Wanga mchira ankauponya pa fumbi aphunzitsi akayang'ana kumbali. Nthawi zina ankaupondereza ndi chala, nthawi zina ankaminirapo. Ankandisolola ngakhale ndilibe mpira. Ndikawerama kuti nditole ankanong'oneza kuti, "Mupita liti kwanu?" Anzake anaigwira nyimboyo. Ndikangolandira mpira, kumbali kunkamveka kuuwa kwa galu. Panopa ndikudziwa kuti mwanayo ankangotula pa bwalo zimene ankamva kunyumba. Panthawiyo sindinkamuona ngati mwana. Ndinkamuona ngati mwini dziko.

Kumapeto kwa bwalo kunali mzere wa mabulugama, ndipo njira yochokera kudimba inkadutsa kuseri kwake. Masiku ambiri ndinkaona amayi ataima pamenepo, khasu lili paphewa, akuyang'ana. Sankakodola, sankaitana. Ine ndinkachita manyazi ndi matope a m'miyendo mwawo, ndipo ndinkayesetsa kusayang'anako. Tsiku lina tikudya anandifunsa kuti bwanji ena amapatsidwa kansalu m'manja koma ine ndimatola pansi. Ndinati lamulo ndi lakuti azibweza m'manja, koma ena amaiwala. Iwo anangoti, "Ndiye kuti masewerawa ndi abwino. Amabweza."

Kenako kunamveka za mpikisano wa ana osapitirira zaka khumi, pa bwalo lina cha ku Naisi, matimu ochokera m'sukulu zingapo. Ife tinalipo ambiri, choncho aphunzitsi anatigawa pawiri. Timu yoyamba, ya msuweni wanga, inapatsidwa malamba enieni amene anabwera ndi mpira uja, okhala ndi michira yachikasu yomata. Malambawo anali okwanira timu imodzi yokha. Timu yachiwiri tinali ife otsala: amfupi, a chifuwa, mtsikana wina amene ankalira akagwa, ndi ine woluma. Ife anatiuza kuti aliyense akapemphe kwawo tinsalu tiwiri tofiira. Amayi anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo chopita nacho kutchalitchi.

M'mawa wa tsikulo ndinapeza kabudula wanga wa khaki atachapidwa, atapindidwa pa mphasa, michira ili kale m'malo mwake. Ndinavala osaganiza kanthu. Tili m'lole, tikugundana mitu pa mabampu, ndinayesa kukonza mchira wakumanja kuti ulendewere bwino. Sunasunthe. Ndinakoka. Kabudula yense anabwera. Ndinasuzumira m'kati mwa chiuno ndipo ndinaona ulusi wakuda, wokhuthala, wa linya lija amasolola m'matayala akutha, utasokedwa mobwerezabwereza, kupita n'kubwerera. Wakumanzerenso chimodzimodzi.

Apa mpofunika kuti ndisadziyeretse. Aphunzitsi anali pomwepo, kutsogolo kwa lole, ndipo lezala sinkasowa m'thumba lawo la malaya. Ndikanawauza, akanadula ulusiwo, nkhani n'kuthera m'njira. Sindinawauze. Ndinaopa kuti ana aseka amayi anga, kuti ndi mbuli yosadziwa kuti michira ndi yosolola. Ndinangotsitsa malaya kuti abise ulusiwo. Mabuku ndawerengapo angapo chisiyireni sukulu, koma sindinapezemo chitsiru choposa mwana uja amene ankaganiza kuti angathe tsiku lonse la ragibi popanda womukoka mchira.

Pa bwalopo panali fumbi, fungo la mbatata zootcha ndi makoko a nzimbe ponseponse. Asanayambe anatiimika pa ndodo yoyezera msinkhu, ndipo makolo anayamba kukangana mpira usanagwidwe n'komwe. Timu ina inali ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amene mawu ake anali ngati a mkulu wa mpingo. Bambo wina anakuwa kuti ameneyo ali ndi ana awiri kunyumba. Kunali kulozana zala, kutukwanizana, oyimbira akuomba wezulo popanda womvera. Azakhali anabwera ndi gulu lawo, anakhala pa benchi ya kutsogolo. Amayi anafika wapansi, mochedwa, n'kukaima okha pafupi ndi chulu kumbali ina ya bwalo.

Masewera awiri oyamba ndinasewera ngati mpirawo ndi mbatata yochokera pa moto. Ukangondikhudza m'manja, ndinkauponyera kumbuyo nthawi yomweyo, mdani asanaganize n'komwe zondiyandikira. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zinatithandiza. Mpira unkayenda msanga, ndipo mtsikana wolira uja anagoletsa kawiri. Aphunzitsi anandisisita pamutu pamaso pa onse n'kunena kuti mwana uyu ndi yekhayo amene wamvetsa masewerawa, sadzikonda. Ndinalandira chiyamikirocho ndi nkhope ya munthu woyera mtima. Tinapambana koyamba, tinafanana mphamvu kachiwiri, ndipo tinangozindikira tafika mu ndime yachiwiri kwa yomaliza. Amene tinakumana nawo mmenemo anali timu yoyamba ya sukulu yathu yomwe.

Aphunzitsi anaima pakati, osadziwa kochemerera. Makolo ankadziwa. Benchi ya azakhali inayamba kuuwa ndisanagwire n'komwe mpira, akuluakulu a ndevu zawo ndi azimayi obereka ana kumbuyo, akuuwa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Wina anakuwa kuti amumange pakamwa ameneyo. Anatigoletsa kamodzi, ife tinabweza. Anatigoletsanso, tinabwezanso mwamwayi, mpira utadumpha mopotoka monga mwa khalidwe lake. Nthawi itatsala pang'ono, mpira unandipeza ndili ndekha m'mphepete. Ndinacheukira kumbuyo kuti ndiuponye. Kunalibe munthu. Kutsogolo kunali mzere wogoletsera, ndipo pakati pa ine ndi mzerewo panali msuweni wanga, atatambasula manja, akumwetulira.

Ndikanatha kuima. Ndikanatha kutaya mpira dala. Ndimafuna nditanena kuti miyendo inangothamanga yokha, koma si zoona. Ndinamuona akumwetulira, ndinamva kuuwa kuja, ndipo ndinaukumbatira mpirawo pachifuwa n'kumulunjika.

Anagwira mchira wakumanja monga ankachitira tsiku ndi tsiku, ndi zala ziwiri, mwaulesi, pakamwa pali potsegula kale kuti akuwe. Mchira unakana. Ndinamva kabudula akundiluma m'chiuno. Anagwira ndi dzanja lonse, kenako ndi manja onse awiri, ine ndikupitabe. Khaki wa bambo sanang'ambike. Linya silinaduke. Msuweni wanga anapunthwa, anagwa chafufumimba osasiya mchirawo, ndipo ndinamukoka pa fumbi ngati mbuzi yokana kupita ku msika, masitepe anayi kapena asanu, mpaka ndinaika mpira pansi kuseri kwa mzere. Atadzuka mlomo wake unali utang'ambika, magazi akusakanikirana ndi dothi.

Bwalo lonse linaphulika. Azakhali analowa m'bwalo nsapato imodzi itatsala pa benchi. Anandigwira m'chiuno n'kutembenuza mpendero wa kabudula wanga kuti aliyense aone ulusiwo, ndipo anandizungulitsa nawo ngati mmene anazungulitsira dzanja lija. "Akuba! Ndinkanena ine! Mayi wakuba, mwana wakuba! Ngati akuba pa masewera a ana, m'nyumba ya mlongo wanga abisamo zingati?" Makolo a matimu amene tinasewera nawo m'mawa analowanso, akufuna kuti masewera awo abwerezedwe. Oyimbira anakana chigolicho n'kuchotsa timu yathu yonse mu mpikisano. Mtsikana uja analira, ulendo uno ali ndi chifukwa. Mnzanga wina wa pa timu anandilavulira pa phazi.

Aphunzitsi anagwada patsogolo panga n'kutulutsa lezala ija. Anadula ulusi umodziumodzi, ndipo zinawatengera nthawi, poti lezala inkaterereka pa linya. Sanandikalipire. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Unkadziwa?" Ndinati ayi. Anandiyang'ana, n'kundipatsa michira yanga m'manja.

Nthawi yonseyi amayi sanachoke pa chulu paja. Sanabwere kudzagwada. Ndinkadikira kuti abwere, apepese monga kale, zinthu zibwerere m'malo. Azakhali anawakuwira kuchokera pakati pa bwalo kuti zokhala pansi zija zatha, palibenso choti tione, pofika Loweruka nyumbayo ikhale yopanda munthu. Amayi anangokonza mpango wawo kumutu.

Sindinakwere lole pobwerera. Tinayenda wapansi, amayi patsogolo, ine pambuyo, magalimoto a ku Liwonde akutipemerera fumbi. Ndinanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimatseka buku. Ndinati mwatithamangitsitsa ndinu. Ndinati simudziwa kanthu, munthu aliyense akudziwa kuti michira sasoka, ngakhale mwana wa kumkaka akudziwa. Ndinati ndameza miyezi yonseyi kuti atisiye tikhale, inu mwaononga ndi singano. Iwo sanacheuke. Pa Songani anandigulira nzimbe, n'kundisendera ndi mano awo.

Mlungu umenewo tinamanga katundu, ndipo sanali wovuta kumanga. Palibe wa pa mudzi amene anabwera kudzathandiza. Ana akamadutsa pa njira ankauwa. Mpunga wathu tinauthira m'matumba atatu, amayi n'kusoka pakamwa pake. M'mawa wa Loweruka, tikudikira ngolo yoti itifikitse kumsewu wopita kwawo kwa amayi, anandipatsa singano yaikulu, yopindika kunsonga, ndi kampukutu ka linya kotsala. Anati ndikabweze kwa aneba, ndipo ndikawapatse m'manja.

Aneba athuwo anali bambo wachisilamu wosoka nsapato, amene nyumba yawo inali kutsidya kwa ngalande. Nkhani za pa mudzi wathu sankalowererapo. Ndinawapeza pa khonde, kofia ili pamutu, nsapato ya mwana wa sukulu ili pa bondo. Ndinagwada n'kupereka singanoyo ndi manja awiri.

"Oho, abwana a michira," anatero. "Ndamva kuti munalima bwalo lonse ndi msuweni wanu. Khasu labwino?"

Sindinaseke. Ndinati amayi akuthokoza, ndipo ndinawonjezera, pofuna kuwatchinjiriza, kuti iwo sankadziwa malamulo a masewerawo, n'chifukwa chake anasoka.

Anasiya nsapato ija.

"Sankadziwa? Munthu woima kuseri kwa mabulugama mwezi wathunthu, sankadziwa?"

Ndinati akanadziwa sakanasoka, chifukwa lamulo ndi lakuti mchira uzisololedwa. Ndinayamba kuwafotokozera malamulo onse, ine katswiri, kuyambira la mpira wobwerera kumbuyo. Anandilola ndimalize. Za nyumba ija, kuti inali itapita kale tsiku limene makina anatuluka, kuti kumeza kwanga konse kunalibe chimene kukanasintha, ndinadzazimvetsa ndili ndi ndevu, nditabwerera kuno kudzapalasa kabaza. Tsiku limenelo ndinangoona ngati bambowo sakumva Chichewa.

Anabaya singano ija pa chipewa cha nsanza pamene ankasungira zinzake, n'kunena kuti:

"Amayi ako atabwera kudzabwereka, ndinawapatsa ulusi wamba. Anaukana. Ndinati mayi, linya ndi la nsapato, mukasokera pa nsalu mwanayo akamukoka silikaduka. Iwo anati, 'Ndi zomwezo ndikufuna. Atenga zonse osamva kulemera. Kamodzi kokha akoke chinthu cha mwana wanga, chikane.'"